Mvula ikagunda pamalata mwana wanga amakuwa

Funso: Adokotala, nyumba yathu ku Chilobwe inakokoloka ndi matope a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Tinakhala pamsasa pasukulu ina, kenako tinapeza kanyumba ka lendi kutali ndi phiri. Mwana wanga wamkazi anali ndi zaka 5. Mpaka lero mvula ikangoyamba amakuwa n'kuthawira kunsi kwa bedi, ndipo anayambiranso kukodza pogona. Agogo ake akuti analodzedwa. Nditani?
Mayi wa ku Blantyre

Yankho: Pepani kwambiri mayi. Mwanayo sanalodzedwe ayi. Freddy anasamutsa anthu opitirira 650,000 m'chigawo chakummwera, ndipo ana ambiri amene anamva mkokomo wa miyala ikutsika m'phiri la Soche akuvutika chimodzimodzi. Mwana akaona zoopsa, thupi limasunga manthawo. Malata akangolira, mtima wake umathamanga ngati napolo wabweranso. Sachita dala, ndiye chonde musamumenye, ndipo abale ake asamuseke akamayanika mphasa m'mawa.

Mitambo ikayamba kuda, muitaneni mvula isanagwe. Mufungatireni, mupume naye limodzi pang'onopang'ono, mumuuze kuti, "Iyi ndi mvula chabe, kuno kulibe phiri, ine ndili pompano." Mawu omwewo tsiku lililonse, osatopa. Akamasewera zogumula tinyumba tadothi kapena kujambula madzi, musiyeni, ndi momwe mwana amafotokozera zimene pakamwa zikukanika. Koma musamukakamize kukamba za tsikulo.

Za kukodzazo tisangoti ndi mantha basi. Akamuyeze mkodzo kuchipatala, chifukwa matenda a m'chikhodzodzo, likodzo ngakhale shuga amachititsanso zimenezi, makamaka ngati akumva kuwawa pokodza, mkodzo ukuoneka magazi kapena akumva ludzu losatha. Madzulo achepetse zakumwa, ndipo azitaya madzi asanagone.

Mantha otere akapitirira mwezi umodzi timafuna kumuona mwanayo, ndiye inu mwapirira nthawi yaitali kwambiri. Pitani kuchipatala chapafupi mukafunse namwino wa zamaganizo. Kukafunika adzakutumizani kuchipatala chachikulu cha Queen Elizabeth. Agogo mupite nawo akadzimvere okha.

Nanga inuyo mayi, mvula ikamagwa usiku mumagona? M'kalata yanu simunanenemo za inu. Mwana amayang'ana nkhope ya mayi ake kuti adziwe ngati kuli choopsa. Ngati nanunso tulo simukutiona, mukamuuze namwinoyo tsiku lomwelo.