Kutikita minofu: pepala lake ndi liti, nanga ndalama zilimo?

Mtsikana wina wa ku Katete wanditumizira imelo. Anamaliza Giredi 12, ndipo agogo ake amati manja ake ndi mankhwala chifukwa akawathowa msana ndi madzi otentha amagona tulo. Akufunsa kuti laisensi ya masaji angaipeze bwanji, komanso ngati ntchitoyi ingamudyetse.

Mng'ono wanga, yamba wasankha njira, pakuti zilipo ziwiri ndipo anthu amazisokoneza. Ngati mtima wako uli pa odwala, monga amene anachita sitiroko kapena amene angochotsedwa pulasitala, imeneyo ndi physiotherapy. Dipuloma yake ndi ya zaka 3 ku Evelyn Hone College ku Lusaka, digiri ili ku UNZA, ndipo sungagwire wodwala usanalembetse ku Health Professions Council of Zambia. Masayansi ako a Giredi 12 akhale abwino. Njira inayo ndi masaji ya ku spa, yochotsa kutopa, imene nthawi zambiri imaphunzitsidwa pamodzi ndi za kukongoletsa khungu. Apa funso loyamba kwa sukulu iliyonse likhale lakuti, kodi ndinu olembetsedwa ku TEVETA, bungwe la boma loyang'anira sukulu za maphunziro a luso? Akayamba kuzungulira, nyamula chikwama chako. Ukafunsenso ku ofesi ya konstitiyuwensi yanu za basale ya CDF, chifukwa imalipirira achinyamata maphunziro a luso. Ukadzafuna kutsegula pako, udzalembetsa dzina la bizinesi ku PACRA, kutenga nambala ya msonkho ya TPIN ku ZRA ndi chilolezo cha khonsolo.

Agogo sananame, koma manja okha sakwanira. Kusukulu ndiko ukadziwe pamene suyenera kugwira. Munthu akabwera mwendo umodzi utatupa, ukutentha ndi kuwawa pakatumba, usautikite ngakhale akuchonderere. Mwina magazi aundana mumtsempha, ndipo ukakanikiza chibuluma chija chikhoza kuthamangira kumapapo. Ameneyo ndi wa kuchipatala. Chimodzimodzi wamalungo ndi wa bala losapola. Ukaphunziranso kusunga thupi lako. Ine chaka choyamba ndinkakanikiza ndi zala zazikulu zokha, moti madzulo kutsegula botolo la mafuta kunkandikanika, mpaka mayi wina amene ndinkagwira naye anandionetsa kugwiritsa ntchito mkono ndi kulemera kwa thupi.

Za ndalama tsono. Kuno kum'mawa msika weniweni uli ku Mfuwe, m'maloji a ku South Luangwa, kumene alendo amabwera atagwedezeka tsiku lonse m'galimoto zoonera nyama. Koma ntchito yake ndi ya nyengo. Kuyambira cha mu Juni mpaka Okutobala manja sapuma, mvula ikagwa makampu ambiri amatseka. Zimene wapata m'chilimwe uzigawe ngati chimanga cha m'nkhokwe. M'Chipata muno makasitomala alipo, a m'mabanki, a m'maofesi, anyamata a mpira, koma amabwera mwakamodzikamodzi, nkhani ya kumapeto kwa mwezi. Ndiye uphunzirenso zikhadabo ndi nkhope kuti tebulo lisamangokhala.

Chinanso sindikubisira. Mawu akuti masaji ena anawaipitsa, ndipo foni idzalira usiku, bambo akufunsa ngati pali "zina zowonjezera". Yankha kamodzi, mwaulemu, n'kudula. Vala yunifomu, setifiketi ikhale pakhoma, mitengo ilembedwe poonekera, ndipo kunyumba kwa munthu wosamudziwa usapite wekha. Makolo akakayika, atengere kumene ukaphunzire akaone okha matawulo, tebulo ndi mabuku a minofu ndi mafupa.