Ndabinya kakolo: ndipite kuchipatala kapena ndizingothowa pakhomo?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Zomba amene amasewera ntchemberembaye ndi anzake a kumpingo. Loweruka analumpha kuti awakhe mpira, potera anaponda phazi la mnzake, lake n'kupindikira mkati. Lero ndi tsiku lachitatu, kakolo watupa, khungu lada mpaka kuzala, ndipo apongozi awo akuwathowa ndi madzi otentha m'mawa ndi madzulo. Alemba kuti: "Kodi ndipite kuchipatala kapena ndingopirira? Ndikuopa kuwononga ndalama ya thiransipoti n'kukangopatsidwa Panado."

Pepani mayi ndi ululuwo. Nkhawa ya thiransipotiyo ndaimva, ndipo si yopepuka. Koma choyamba dziwani kuti kutupa ndi kuda kwa khungu, zimene zikukuopsanizo, sizitiuza ngati fupa lathyoka. Phazi likapindikira mkati, zimene zimavulala kawirikawiri ndi timinyewa tolimba timene timamanga mafupa kunja kwa kakolo. Tikakokeka kapena kung'ambika, magazi amatayikira pansi pa khungu n'kumatsikira kuchidendene ndi kuzala, chifukwa phazi limakhala pansi. Munthu akhoza kutupa kwambiri fupa lili bwinobwino, wina n'kutupa pang'ono chabe koma fupa litang'aluka.

Ndiye tidziwa bwanji? Mu 1992, madokotala a ku Ottawa m'dziko la Canada, motsogozedwa ndi Ian Stiell, anatulutsa njira yosankhira amene akufunikadi X-ray, ataona kuti mwa anthu ambirimbiri ojambulidwa kakolo, othyoka fupa amakhala ochepa. Njirayo ikugwiritsidwabe ntchito m'zipatala zambiri, ndipo ngakhale inakonzedwera achipatala, mukhoza kuitengerako nzeru muli pakhomo.

Yambani ndi kuyenda. Kodi mutangovulala munatha kuponda kanayi, phazi lovulalalo likunyamulako thupi? Nanga lero? Kutsimphina si vuto, bola phazilo likufika pansi n'kulandira kulemera kwanu. Ngati anzanu anachita kukunyamulani kuchoka pabwalo ndipo mpaka lero simungathe kuponda kanayi, musawerengerenso ndalama, pitani.

Kenako khalani pansi, mudine ndi chala. Apa mufatse, chifukwa nkhani yonse yagona pa kusiyanitsa ululu wa pafupa ndi wa pamnofu. Gwirani fupa lotundumuka lija la kunja kwa kakolo. Dinani kunsonga kwake, ndiponso m'mphepete mwake chakumbuyo, mukukwera m'mwamba masentimita 6, pafupifupi kutalika kwa chala chanu chaching'ono. Chitani chimodzimodzi ndi fupa la mkati. Mukatero tsikirani kuphazi: tsatani m'mbali mwake chakunja, pakatikati pa chidendene ndi kachala kakang'ono mupeza kafupa kotumphuka, dinani pamenepo. Kafupa aka kamathyoka mosavuta phazi likapindika, ndipo anthu ambiri sakaganizirako chifukwa maso onse amakhala pakakolo. Malo otsiriza ali mkati mwa phazi, kutsogolo ndi kumunsi pang'ono kwa fupa la mkati lija. Mukadina penapake mwa malo amenewa n'kumva ululu wolasa pafupa penipeni, mukufunika X-ray. Ngati ululu uli pofewa, kutsogolo ndi kumunsi kwa fupa lakunja, mafupa osapweteka, ndipo mukutha kuponda, n'kutheka kwambiri kuti mwangobinya.

Pali zina zosafuna n'kudina komwe. Phazi likakhota n'kusiyana maonekedwe ndi linzake, pakakhala bala lakuya pafupi ndi fupa, zala zikachita dzanzi, kuzizira kapena kutuwa, ulendo wa kuchipatala ndi wa tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Chimodzimodzi ngati munamva ngati wina wakumenyani kumbuyo kwa chidendene ndipo mukulephera kuimirira ndi zala: umenewo ukhoza kukhala mtsempha waukulu wakumbuyo utaduka. Masiku akamapita, katumba akayamba kutupa, kutentha ndi kuwawa, kapena kakolo akafiira thupi n'kutentha, musachedwe. Kutupa kwa katumba nthawi zina kumakhala magazi ataundana mumtsempha, ndipo zimenezo zimapha.

Ndiwonjezere za anthu atatu amene sindifuna kuti adziyeze okha. Mwana amene akukulabe ali ndi malo ofewa kumapeto kwa mafupa, ndipo pakhoza kuvulala pamenepo minyewa isanang'ambike. Agogo mafupa awo ndi osalimba. Ndipo wodwala shuga akhoza kuyendera fupa lothyoka osamva kanthu, chifukwa matendawa amapha mitsempha ya kumapazi.

Tsopano za apongozi. Akuchita zimenezo chifukwa chokukondani, ndipo muwathokoze, koma madzi otentha m'masiku awiri kapena atatu oyamba amawonjezera kutupa, chifukwa amatsegula mitsempha ya magazi pamalo pamene pakutayikira kale. Kutikita mwamphamvu nakonso n'chimodzimodzi. Chimene ndimadana nacho kwambiri ndi chizolowezi chokoka phazi kuti ati "libwerere m'malo". Ngati fupa linang'aluka, kukokako kukhoza kulisuntha, chimene chikanachira ndi chikhakha n'kufuna opaleshoni. Kutema mphini pamalo otupa kumangotsegulira majeremusi khomo.

M'masiku oyambawo pamafunika zoziziritsa: ayisi wokulunga m'kansalu, mphindi 15 mpaka 20, maola awiri kapena atatu alionse. Kopanda firiji, nsalu yoviika m'madzi a mumtsuko imathandizako. Pogona sanjikani phazi pamapilo kuti likwere kuposa chifuwa. Masana mangani bandeji mosathinitsa, ndipo muimasule usiku. Panado ndi wokwanira kwa ambiri. Brufen amathandiza, koma si wa oyembekezera, a zilonda za m'mimba kapena a vuto la impso.

Ngati mwadziyeza n'kupeza kuti mafupa ali bwino, musagone sabata yonse. Ululu ukayamba kuchepa yambani kuponda pang'onopang'ono ndi kuzunguza phazi muli chikhalire. Pakatha masiku 5 mpaka 7 muyenera kuona kusintha, ndipo ngati palibe, kapena zikuipiraipira, kaonaneni ndi achipatala. M'zipatala za maboma muli ma clinical officer ophunzira za mafupa, ndipo kwanu ku Zomba kuli chipatala chachikulu chimene chimajambula X-ray. Mukafika afotokozereni mmene phazi linapindikira, ngati munatha kuponda, ndi pamene pakupweteka mukadina. Zimenezo ziwathandiza kuposa kungoti "mwendo ukuwawa".

Za kubwerera pabwalo musapupulume. Kubinya kwapang'ono kumachira m'sabata imodzi kapena ziwiri, koma minyewa ikang'ambika kwambiri pamatenga masabata 6 mpaka 8, nthawi zina miyezi. Ambiri amene amabinya kakolo yemweyo chaka ndi chaka ndi amene anasiyira panjira kulimbitsa kakoloyo, ululu utangotha. Mukatha kuyenda osatsimphina, yambani kuimirira ndi mwendo wovulalawo wokha kwa theka la mphindi, kangapo patsiku, mutayandikira khoma. Zikamatheka, yesani mutatsinzina. Mudzavale yunifomu ya timu pokhapokha mutatha kudumpha ndi mwendo umenewo n'kutera osamva ululu kapena kugwedera.