Onse achonga kuti "n'chofunika kwambiri", ndiye nditani?

Mayi wina amene amayang'anira antchito pakampani ina ku Lilongwe wanditumizira imelo. Akuti antchito akungosiya ntchito, ndiye anawagawira pepala la mafunso kuti adziwe zimene amazikonda pantchito. Malipiro, ulemu, kukwezedwa, tchuthi, paliponse anachonga kuti "n'chofunika kwambiri". Akufunsa ngati pali njira ina yoyezera.

Mayi, pepalalo ndi limene lakupusitsani. Mukamufunsa munthu ngati akufuna nsima, ndiwo ndi mchere, adzati zonse. Muuzeni asiyepo chimodzi, mudzaudziwa mtima wake.

Unduna wa zantchito ku America unakonza chida chotchedwa Work Importance Locator, chochokera pa kafukufuku wa Rene Dawis ndi Lloyd Lofquist a payunivesite ya Minnesota. Munthu amapatsidwa makhadi 20, lililonse lolembedwa chinthu chimodzi, monga ntchito yokhalitsa, kuyamikiridwa, kapena kugwira ntchito popanda wina kumangomulondalonda. Amawaika m'milu isanu, kuyambira zofunika koposa kutsika m'munsi, koma mulu uliwonse umalowa makhadi anayi basi. Apa m'pamene munthu amayamba kukanda mutu.

Makhadi otere mungadule pakatoni. Koma musangokopera a ku America. Onjezani zathu: malipiro kubwera pa tsiku lake, adivansi mwana akathamangitsidwa fizi, thiransipoti, chilolezo chopita kumaliro popanda bwana kukwinya nkhope. Khadi la maliroli ine ndingaliike m'mulu woyamba osaganiza kawiri.

Kenako afunseni funso la Frederick Herzberg, katswiri wa maganizo a anthu wa ku America. Mu 1959 iye ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atacheza ndi mainjiniya ndi owerengera ndalama pafupifupi 200 ku Pittsburgh. Ankawauza kuti afotokoze nthawi imene anasangalala kwambiri pantchito, ndi imene anakhumudwa kwambiri. Zokhumudwitsa zinali malamulo a kampani, mabwana ndi malipiro. Zosangalatsa zinali kukwanitsa ntchito yovuta ndi kuyamikiridwa. Ena amati malipiro ndiye kuti sasangalatsa munthu. Ine pamenepo ndimakayika, chifukwa kuno malipiro amodzi amadyetsa makomo atatu. Koma funsolo ndi labwino, munthu amakuuzani zimene zinachitikadi.

Musayendetse nokha ntchitoyi, mayi. Inu muli pomwepo, aliyense adzaika "kutumikira kampani" pamwamba. Pezani munthu wakunja, ndipo mayina asalembedwe.