Katundu wakale wokongoletsera m'nyumba tizimutcha chiyani?

Mayi wina wa ku Kasungu wandilembera kuti anayamba kutolera katundu wakale m'midzi ya ku Santhe ndi ku Chamama n'kumakongoletsera pabalaza pawo. Ali ndi simbi yamakala, makina osokera a Singer opalasa ndi phazi, nyali yagalasi, bokosi lachitsulo la malemu bambo awo, komanso malichero amene anawapachika pakhoma. Ana awo akabwera kuchokera ku Lilongwe amati zonsezi ndi "vintage", pamene alamu awo amangoti ndi kaunjika. Funso lawo ndi ili: "Kodi m'Chichewa zinthu zimenezi tizizitcha chiyani? Ndikati zakale, zikumveka ngati zotaya."

Mayi, funso lanu landikondweretsa, ndipo ndiyambira pa alamu anuwo. Aphonya. Kaunjika anachokera ku mneni woti kuunjika. Ndi zovala, nsapato kapena makatani amene abwera m'belo, wogulitsa n'kuwakhuthulira pansi mulu umodzi, ogula n'kumavundukula. Anzathu a ku Mchinji amamvanso dzina lina akadutsa pa Mwami kupita ku Chipata, loti salaula, lochokera ku Chibemba, ndipo limanena za kusankha m'muluwo. Mayina onse awiriwa akufotokoza kagulitsidwe, sakunena za zaka za chinthu. Malaya osokedwa chaka chatha akhoza kukhala a pakaunjika. Bokosi limene bambo anu anasungiramo zovala moyo wawo wonse silinaunjikidwepo pamsika uliwonse, choncho dzinali silikulikhudza m'pang'ono pomwe.

Liwu la ana anulo nalonso lili ndi kwawo. Linabadwira m'minda ya mphesa ku Ulaya, kumene linkatanthauza zokolola za chaka chimodzi ndi vinyo wochokera m'zokololazo. Pambuyo pake linasamukira ku magalimoto, zovala ndi mipando. Ife mphesa sitikolola, ndipo sindikuona chifukwa choti tibwereke liwu pamene m'nkhokwe mwathu muli mawu oposa amene tikufuna. Vuto ndi loti tinasiya kuwasiyanitsa.

Chinthu chakutha ndi chimene ntchito yake yatha chifukwa chaperepeseka, chathyoka kapena chafumbwa. Mtondo wofumbwa umene ukuyoyoka ufa wa mtengo mukaugogoda ndi wakutha, ndipo musaulowetse m'nyumba chifukwa tizilombo take tidzasamukira ku mipando yanu ya mlombwa. Chinthu chachikale ndi chimene chatsalira m'mbuyo pa kachitidwe, ndipo liwuli nthawi zambiri limanyoza. Mwana akamuuza mayi ake kuti maganizo awo ndi achikale, sakuwayamikira. Liwu loti chakale lilibe mbali. Limangonena kuti papita nthawi, n'chifukwa chake mukulimva ngati lopanda mchere. Lina limene ndikumva achinyamata akuligwiritsa ntchito molakwika ndi lokalamba. Amati "tebulo lokalamba", "wayilesi yokalamba". Ayi ndithu. Amakalamba ndi munthu, ng'ombe, galu, mwinanso mtengo umene udakali chiimire. Tebulo silikalamba, limatha kapena limakhalitsa.

Tsono pali mawu awiri amene ndimawakonda koposa. Loyamba ndi makedzana. Mukamawerenga masiku chobwerera m'mbuyo mumati lero, dzulo, dzana. Ine khutu langa limandiuza kuti makedzana ndi make wa dzana, ndiye kuti nthawi imene inabala dzanalo, ya kutali kumene kuwerenga masiku sikufikako. Agogo anga aakazi ankalitchula molekanitsa bwino, "make dzana", akamanena za nthawi imene anthu ankavala nyanda ndi kusula makasu awo okha. Ndiye chinthu chamakedzana n'chimene amene anachipanga ndi amene anachigwiritsa ntchito onse anapita kalekale. Khasu losula pamanja, mkanda wa agogo a agogo anu, zimenezo ndiye zamakedzana. Makina a Singer sanafike pamenepo.

Lachiwiri, limene ndikukupatsani kuti muzigwiritsa ntchito, ndi mgonagona. Achewa timawerenga nthawi ndi tulo. Timafunsa mlendo kuti wagona masiku angati panjira. Ndiwo zophikidwa dzulo timati zogona. Tikabwereza tsindelo n'kunena kuti gonagona, tikunena chinthu chimene chagona, n'kugonanso, n'kugonanso, koma m'mawa uliwonse chikupezeka chilipo. Ubwino wa liwuli ndi woti lili ndi ulemu. Timati nyimbo zamgonagona, ubale wamgonagona, mwambo wamgonagona, ndipo palibe amene amamva kunyoza. Chinthu chamgonagona n'chakale, koma sichinathe ndipo anthu akuchifunabe. Kodi si zimene mukufuna kunena za simbi yanuyo? Muziti katundu wamgonagona, mipando yamgonagona, nyali yamgonagona. Ana anu akadzabweranso muwauze choncho, ndipo mubwereze mpaka lilowe.

Bokosi la bambo anu lokha ndilipatule. Chinthu chimene mwasiyiridwa ndi kholo ndi cholowa, ndipo mukachiika poonekera kuti muzimukumbukira mwini wake chimasanduka chikumbutso. Mabokosi achitsulo amenewa ambiri anabwera ndi abambo amene ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya m'migodimo, ena ku Halale. Ndikukumbukira malume anga akutsekula lawo pakhonde anthu atazungulira, akutulutsa bulangete, chikhothi chachikulu ndi mbale zagalamafoni zokulungidwa m'nsalu. Mu 1974 ndege yonyamula anthu ogwira ntchito m'migodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Kamuzu Banda analetsa Wenela kulemba anthu kuno. Ngati bambo anu anali a Wenela, bokosilo lapitirira zaka 50. Anthu amenewa sanabwere ndi katundu yekha, anabweranso ndi mawu. Simbi imene mukusitirayi ndi liwu la kumwera: Mashona amati simbi, Azulu amati insimbi, ndipo onse akutanthauza chitsulo. Ife tinalitenga n'kulipatsa ntchito imodzi yokha yositira zovala. Mbale yagalamafoni ndiyo inabala chimbale chimene oyimba amatulutsa masiku ano, ngakhale nyimbozo zikungoyenda pa foni popanda chozungulira chilichonse. Mawu obwereka ngati simbi, kabati, tebulo ndi wayilesi sindilimbana nawo. Anabwera pamodzi ndi zinthu zimene tinalibe, anagona nafe, lilime lathu linawasula mpaka anakhala athu.

Amene ndimalimbana nawo ndi obwereka mawu pa zinthu zimene makolo athu anazipanga ndi manja awo n'kuzitcha mayina. Apa pakubwera funso lachiwiri, lochokera kwa bambo wina wa ku Kamwendo ku Mchinji amene ali ndi nyumba yogona alendo. Akuti anagula ziwiya zadothi ndi zoluka kwa amayi a m'midzi, akufuna kulemba mayina pansi pa chilichonse, koma anyamata ake akuti angolemba kuti "mapoto" ndi "mabasiketi". Bambo, musalole. Zimandiwawa kuona ziwiya zathu zikubwerera m'nyumba zamakono mayina ake atatsala panja.

Poto ndi wachitsulo. Chadothi chilichonse chili ndi dzina lake, ndipo dzinalo limatsata ntchito. Nkhali ndi yophikira nsima, yotakasuka kukamwa kuti mthiko uyende. Mphika ndi wa ndiwo, wocheperapo. Mtsuko uli ndi khosi, ndi wotungira ndi kusungira madzi, ndipo aliyense amene anamwapo madzi a mumtsuko mwezi wa Okutobala akudziwa kuzizira kwake. Mbiya ndi yaikulu, ya mowa kapena thobwa la paukwati. Mkhate ndi wosambira. Chiwiya chikasweka, chibenthu chachikulu chimene amakazingirapo chimanga kapena mtedza ndi phale. Polemba zambiri musamale: phale limodzi, mapale awiri, "h" uja amagwa, monga momwe khasu limakhalira makasu ndipo thumba limakhalira matumba. Ndaona zikwangwani zolembedwa "maphale", ndipo munthu wolankhula Chichewa chakwathu akawerenga mokweza amadzimva yekha kuti lilime lapunthwa.

Musanalembe dzina, tembenuzani chiwiyacho muone kunsi. Ngati kuli mwaye wokhuthala, wakuda bii, chinakhalapo pamafuwa, ndiye ndi nkhali kapena mphika. Mtsuko kunsi kwake kumakhala koyera, nthawi zina kosalala chifukwa chokhala pankhata. Mwayewo musaupale wonse pofuna kuti chiwale, ndipo musachipake vanishi kapena penti. Ingochipukutani ndi kansalu konyowa. Chimene mlendo wanu akufuna kuona ndi mmene dzanja la woumba linadutsira, ndi timizere timene anajambula m'khosi dothi lisanaume.

Zoluka nazo n'chimodzimodzi. Lichero ndi lopetera, losaya, ndipo ndi limene likupachikidwa m'makoma ambiri masiku ano chifukwa maluko ake amaoneka bwino. Dengu ndi lakuya, lotutira chimanga. Nsengwa ndi kakang'ono. Mphasa ndi ya bango, mkeka ndi wa mlaza, ndipo kusokoneza ziwirizi kuli ngati kumutcha mlamu wanu kuti apongozi. Samalaninso ndi chipanda ndi chipande, amene amasiyana chilembo chimodzi chokha. Chipanda ndi chomwera mowa wamasese, chipande ndi chamtengo choomolera nsima. Mukalemba mosinthanitsa, agogo aliyense wolowa m'nyumba mwanumo adzaona msanga.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani musachiike m'gulu la zokongoletsera. Kasungu ndi Mchinji ndi kuchimake kwa Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 monga chuma cha anthu onse. Wina akabwera mwakachetechete kudzakugulitsani zinthu za kudambwe kuti mupachike pabalaza, kaonaneni ndi mafumu kaye. Zosema za amisiri zimene amagulitsa poyera ndi nkhani ina. Liwu loti zamakolo ndi lotakata, limakwirira lichero komanso zinthu zimene eni ake salola kuti zizionekera pena paliponse.

Onse awiri m'makalata anu mwalemba liwu limene landikhumudwitsa: kudekoleta. Mayi mwati "ndikudekoleta pa sitingi rumu". Chipinda chochezera ndi pabalaza, ndipo ntchito mukugwirayo ndi kukongoletsa. Mneniyu anachokera ku kukongola. Ena amaopa kuti asokonezeka ndi kukongola kwa ngongole, koma ana a mawu awiriwa ndi osiyana: wopereka ngongole amakongoza, wokonza m'nyumba amakongoletsa. Komanso kukongoletsa ndi liwu la pamwamba chabe, pansi pake pali aneni ambiri amene kudekoleta kukuwameza. Lichero timapachika. Nyali timakoloweka pamsomali. Mbale timasanja m'kabati yagalasi. Mkeka timayala. Munsi timayedzeka pakona. Tinsalu toluka timayala pamsana pa mpando wandalema, dzina limene limanena lokha ntchito ya mpandowo. Munthu akanena kuti wadekoleta, sindidziwa chimene manja ake achita. Akanena kuti wasanja mbale, ndikuziona.

Ndipo musaganize kuti kukongoletsa m'nyumba kunabwera ndi magazini. Amayi anga ankazira. Ankapita kudambo kukatapa dothi lakuda, n'kulisungunula m'madzi, n'kumapaka pansi ndi chikhatho atagwada, kuyambira kuchipinda kubwerera chakukhomo kuti asapondepo. Pakhonde ankasiya mizere yokhotakhota ya zala, ndipo m'munsi mwa khoma ankadutsamo ndi dothi lofiira kapena loyera. Ana tinkaletsedwa kulowa mpaka paume. Nyumba yozira bwino inkadziwika ndi fungo lake usanalowe n'komwe. Mneni ameneyu akusowa chifukwa simenti yalowa m'midzi, ndipo ndamvapo mtsikana wa sekondale akufunsa ngati kuzira n'kokhudza mazira a nkhuku. Bambo a ku Kamwendo, ngati pamalo panu pali kanyumba kaudzu kochezeramo alendo, pezani mayi wodziwa kuti akuzirireni pansi pake, ndipo pachikwangwani mulembe liwulo.

Mayi a ku Kasungu munafunsanso pomaliza ngati ndalama zakale zoboola pakati zimene munazipeza m'bokosimo mungazitche matambala. Ayi. Kwacha ndi tambala zinayamba mu 1971. Tindalama toboolato ndi ta nthawi ya mapaundi ndi mashereni, ndipo dzina lake ndi makobiri, limodzi ndi kobiri. Mukaona palembedwa Rhodesia and Nyasaland, ndi a nthawi ya chitaganya chimene chinakhalapo kuyambira 1953 mpaka 1963. Musawakweche ndi mchenga kapena phulusa, chifukwa zilembo zimafufutika. Asambitseni ndi madzi a sopo, muwaumitse, muwaike m'kambale kagalasi pamwamba pa makina osokerawo.