Filimu ya ku Korea Yotha Wakupha Asanagwidwe: Kodi Chimbale Chinadukira Panjira?

Bambo wina wa ku Zomba wandilembera pa imelo. Akuti anagula DVD ya filimu ya ku South Korea yotchedwa Memories of Murder ndipo anaionera kunyumba powerenga mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi, koma filimuyo inatha wakupha uja asanagwidwe. Akufunsa ngati anawagulitsa chimbale choduka, komanso ngati afunefune china chimene anthu ake akuyankhula Chingerezi, poti kuwerenga kunkawatopetsa.

Bambo, ngati filimu yanu inatenga maola awiri ndi mphindi pafupifupi 10, ndipo inathera pamene wapolisi wofufuza mlanduwo akuyang'ana molunjika mu kamera, chimbale chanucho n'chathunthu. Wokonza mafilimu Bong Joon-ho anatulutsa filimuyi mu 2003 potengera nkhani yeniyeni ya ku Hwaseong, dera la minda ya mpunga kumwera kwa Seoul, likulu la dzikolo, kumene akazi 10 anagwiriridwa ndi kuphedwa pakati pa 1986 ndi 1991. Pamene ankaijambula n'kuti wakuphayo asakudziwika, choncho kumupeka n'kumuika unyolo pa kanema kukanakhala kunamiza abale a ophedwawo.

Ndikupempha kuti muonerenso gawo lomalizalo modekha. Papita zaka zambiri, wapolisi amene Song Kang-ho akusewera anasiya ntchito ndipo akuchita malonda. Akuima pa ngalande ya m'mbali mwa munda mmene munapezeka mtembo woyamba, akuwerama n'kusuzumiramo. Kamtsikana kodutsa kakumuuza kuti posachedwa bambo wina anasuzumiranso momwemo, ponena kuti akukumbukira zimene anachita pamalopo kalekale. Atakafunsa za nkhope ya munthuyo, kakuyankha kuti inali nkhope wamba. Apa m'pamene wapolisiyo akutembenukira kwa ife oonera, chifukwa Bong ankakhulupirira kuti wakuphayo adzaionera filimuyi tsiku lina.

Choonadi chinadziwika mu September 2019, pamene apolisi anayeza DNA ya pa zovala za ophedwa n'kupeza kuti ikufanana ndi ya Lee Choon-jae, amene anali kale m'ndende ku Busan pa chilango cha moyo wake wonse chifukwa chopha mlamu wake mu 1994. Iye anavomera kuti anapha anthu 14, koma sakanazengedwanso mlandu, popeza lamulo la nthawi imeneyo linkapereka zaka 15 zokha zoti wakupha azengedwe mlandu, ndipo pa imfa yomaliza ya mu 1991 zakazo zinatha mu 2006. Chimene chimandipweteka mtima kwambiri n'chakuti bambo wina wosalakwa anakhala m'ndende zaka 20 pa imfa ya mtsikana wa mu 1988 atamukakamiza kuvomera, ndipo khoti linamuyeretsa mu December 2020. Choncho mukaona apolisi a m'filimuyi akumenya mnyamata wosokonekera mutu kuti avomere mlandu, musaganize kuti wolemba anakokomeza. Nkhani ya m'filimuyi ikuchitikanso mu nyengo ya ulamuliro wa asilikali wa pulezidenti Chun Doo-hwan, ndipo filimuyi ikusonyeza apolisi akusowa anthu olondera usiku chifukwa ambiri atumizidwa kukabalalitsa zionetsero.

Pa funso lanu lachiwiri, ine ndikulangizani kuti mukhale ndi chimbale chomwe muli nachocho. Sindikunyoza mafilimu omasuliridwa, pakuti ambirife tinakulira m'mavidiyo sho momwe womasulira m'Chichewa amatiseketsa mpaka nthiti kuwawa, ndipo pa filimu ya nkhonya zimakhala bwino ndithu. Koma filimu yofufuza mlandu imadalira kamvekedwe ka mawu: kunjenjemera kwa woganiziridwa akamayankha, kunyoza kwa wapolisi wa ku Seoul akamayankhula ndi anzake akumudzi, ndi chete amene amagwa funso likavuta. Mawu a munthu wina ojambulidwira mu situdiyo amafafaniza zonsezi.

Kutopa kwanuko kuli ndi mankhwala ake, ndipo ubwino woonera kunyumba ndi womwewo. Rimoti ili m'manja mwanu, choncho imitsani pamene mawu athamanga ndipo bwererani pamene dzina lakusokonezani, makamaka poti Akoreya amayamba ndi dzina la banja, monga Park kapena Seo. Foni muiike patali, chifukwa mukaphonya mizere iwiri yokha mwaphonya umboni. Pa ulendo wachiwiriwu nkhani mukuidziwa kale, ndiye maso anu adzapeza mpata wochoka pa mawu n'kuyang'ana nkhope za osewerawo.