Mvuleni jasi loyera, mumpatse chigubu

Achemwali, mwati mwajambula mtsikana wophunzitsa ana sayansi potengera makatuni a ku Japan amene mumawakonda, koma sakukugwirani mtima, ndiye mukufunsa chimene chikusowa. Chithunzicho ndachiona, ndipo luso muli nalo ndithu. Chikumupha ndi jasi loyera ndi magalasi aja. Mwana wa ku Mbare, dera la mu Harare, akamuona angoti ndi adokotala, basi, n'kupitiriza ulendo.

Sayansi ndi yaikulu, mtsikana mmodzi sangaisenze yonse. Musankhireni nkhani imodzi, ndipo kuno ku Harare ine ndingasankhe madzi. Kolera ya 2008 mpaka 2009 inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, ndipo mu 2018 inabukanso ku Glen View ndi ku Budiriro, madera a mu Harare, zonyansa za m'mapaipi ophulika zitalowa m'zitsime ndi m'mijigo. Ana athu amakhala pamzere wa pamjigo m'mawa uliwonse. Mtsikana wanu akhale mmodzi wa iwo: chigubu chachikasu m'manja, patapata kumapazi, pensulo yobaya m'tsitsi, ndi kagalasi kokulitsa zinthu kolendewera m'khosi. Asakhale wodziwa zonse ayi. Akhale wovuta ndi mafunso, uja amafunsa kuti madzi oyera mbee angadwalitse bwanji munthu.

Ndiyeno mdani wake musachite kupeka. Kachilombo ka kolera, Vibrio cholerae, kali ndi thupi lopindika ndi kamchira kamodzi kokha kosambirira. Kajambuleni choncho. Ambiri amajambula mpira wa minga wa Covid pa matenda alionse, zomwe zimandinyansa, chifukwa mwana amakula akuganiza kuti tizilombo tonse n'timodzi. Ka kolerako kakalowa m'matumbo kamatulutsa poizoni amene amachititsa thupi kutaya madzi ambiri, chimbudzi n'kumaoneka ngati madzi otsukira mpunga. Apo mtsikana wanu atulutse chida chake: lita imodzi ya madzi owiritsa, masipuni aang'ono 6 a shuga osasefukira, ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere, wodwala akumwa ali pa ulendo wa kuchipatala. Tsamba limenelo kaonetseni anamwino musanaliike pa Facebook.

Mukafuna nkhani yoti aziwasimbira anzake, ilipo ya John Snow, dokotala wa ku London. Mu 1854 anafufuza nyumba za anthu omwalira ndi kolera, n'kupeza kuti ambiri ankatunga pa mjigo umodzi wa mu Broad Street, ndipo akuluakulu anachotsa chogwirira chake; pambuyo pake nyumbazo anazilemba pa mapu. Nayenso wanuyo aziyenda ndi kope lojambulamo mapu a m'dera lawo.

Za maso aakulu a ku Japan zisiyeni momwemo ngati mumazikonda, palibe mwini wake. Koma tsitsi ndi zovala za katuni ya munthu wina musakopere. Mukamaliza, mudetseni yense ndi inki yakuda, muchepetse chithunzicho chifanane ndi kachithunzi ka pa WhatsApp, mufunse mwana wa pakhomo kuti ameneyu ndani ndipo wanyamula chiyani. Akalephera, kulitsani chigubucho.