Nkhope zakuda pa zithunzi zapanja: musathamangire kugula kamera

Achemwali, ndawerenga funso lanu loti mukajambula abale anu ndi foni panja mukatuluka m'tchalitchi, nkhope zimada bii pomwe kumwamba ndi malaya oyera kukuwala mbee, ndiye mukuganiza zogula kamera yaikulu. Ndalama zanuzo zisungeni kaye. Ine ndimajambula zinkhoswe ndi maukwati muno mu Lilongwe, ndipo ngakhale ndi kamera yodula, ndikaimika anthu pamalo olakwika zithunzi zimatuluka chimodzimodzi ndi zanuzo.

Mapemphero ambiri amatha cha m'ma 11 kapena 12 koloko, dzuwa lili paliwombo. Nthawi imeneyo chipumi chimanyezimira koma m'maso ndi kunsi kwa mphuno mumagwa mthunzi, aliyense watsinzina, wakwinya nkhope. Foni nayo imatsata chowala kwambiri. Ikaona thambo, kapena bulauzi ndi duku loyera la amayi a Chigwirizano, imachepetsa kuwala kuti zoyerazo zisapse, ndiye khungu lathu lakudali limamira. Choncho musanajambule dinani pankhope ya munthuyo pa sikirini, kenaka kwezani kadzuwa kamene kamaoneka pambali paja mpaka maso aoneke bwino. Thambo likayera kwambiri lisiyeni, mukujambula amayi anu.

Chachikulu ndi malo oimikapo anthu. Alowetseni pamthunzi, koma samalani ndi mthunzi wa mtengo wa masamba apatalipatali, umasiya mawanga pankhope ngati munthu wadwala zipere. Mtengo wa mango wogwirana bwino kapena khonde la tchalitchi ndi zabwino. Aimikeni m'mphepete mwa mthunziwo, atayang'ana kumene kuli poyera, inuyo muime kunja. Pakakhala khoma lopaka laimu pafupi, ndiye mwapata, limabwezera kuwala kofewa pankhope. Ine m'chikwama changa simusowa chotchingira dzuwa cha pagalasi la galimoto chija, chasiliva. Mwana mmodzi amachigwira chapansi n'kulozetsa kuwala kuchibwano kwa amene ndikumujambula, ndipo maso amayamba kuwala pomwepo.

Ngati mungathe kusankha nthawi, sankhani kuyambira 4 koloko madzulo. Musachedwe, kwathu kuno mdima sudikira. Mu Juni ndi Julayi dzuwa limakhala likulowa pofika hafu 5, ndipo likangolowa basi. Dzuwalo likhale kumbuyo kwa anthu chakumbali, lizingowalitsa tsitsi ndi mapewa, inu n'kudina pankhope monga ndanenera. Miyezi imene ndimaikonda ndi Sepitembala ndi Okutobala, pamene fumbi ndi utsi wa moto wa m'tchire zimafewetsa dzuwa lamadzulo n'kulifiiritsa, komanso mitengo ya jakaranda ili ndi maluwa. Ku Botanic Garden kufupi ndi nyumba ya malamulo kapena ku chipilala cha asilikali ku Area 18 kuli malo otakasuka, mungathe kuimika anthu patali ndi mitengo ya kumbuyo kuti iwo aonekere okha. Pafupi ndi State House ndi kumalo a asilikali foni ikhale m'thumba.

Ndiye pali nkhani ya anthu eni ake, imene kwa ine imaposa zonsezi. Akuluakulu athu akaona kamera amauma gwa, manja pamawondo, ngati chithunzi cha chiphaso. Tsiku lina pa chinkhoswe ku Kawale, agogo ena ochokera ku Nkhoma anakhala pamphasa osaphethira n'komwe. Ndinagwada kuti diso la kamera lifanane ndi maso awo, n'kuwafunsa kuti mwa zidzukulu zawo zonse wosamva kwambiri ndani. Anatembenuka kuloza kamnyamata kena, akuseka mpaka kugwira pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Chithunzi chimenecho ndi chimene banjalo linatsukitsa n'kupachika pabalaza. Musamawerenge "wani, thuu, firii". Chezani nawo, muzijambula zingapo motsatizana, pagulu la anthu 10 sipalephera wotsinzina.

Munafunsanso za anthu osawadziwa a mumsewu. Apa ndinaphunzira mowawa. Ndinajambulapo bambo wina atasenza katundu pa timilatho tamatabwa ta pamsika wa Tsoka ndisanamupatse ndi moni womwe. Anatula katunduyo n'kundifunsa kuti nkhope yake ndikukagulitsa kuti, ndipo anthu anayamba kusonkhana. Ananena zoona, ndinalakwa, ndinafufuta iye akuona. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndi moni, ndimadzitchula dzina, ndimafotokoza kumene chithunzicho chikupita. Ndikajambula ndimamuonetsa, ndipo ngati ali ndi WhatsApp ndimamutumizira madzulo omwewo. Wokana ndimamuthokoza n'kupitirira. Mayi wogulitsa tomato ndimamugula kaye mulu umodzi, chifukwa ndamuimitsa pa malonda ake. Ana osawajambula popanda kholo kuvomera, ndipo kuvomera kujambulidwa sindiye kuti wavomeranso kuikidwa pa Facebook, mufunse padera.

Lamlungu likubwerali pukutani kagalasi ka foni yanu ndi kansalu kofewa, chifukwa thukuta la m'manja limachititsa chifunga pachithunzi, muwaimike amayi pakhonde atayang'ana kubwalo, mudine pankhope. Akalola, mutiikire muno tidzaone.